Akuluakulu a chipani ndi mphamvu zawo posankha wopikisana pa upulezidenti ku America

Pa 9 Febuluwale 2016 anthu a m'chigawo cha New Hampshire ku America anavota pa chisankho chachipulula cha chipani cha Democratic. A Bernie Sanders anapeza mavoti pafupifupi 60 pa 100 aliwonse, pamene mayi Hillary Clinton anapeza 38. Potsatira mavotiwo, a Sanders anapatsidwa nthumwi 15 zopita ku msonkhano waukulu wa chipani, mayi Clinton 9. Koma kutacha, nyumba zina zofalitsa nkhani zinkaonetsa kuti awiriwa afanana, 15 kwa 15. Palibe amene anabera. Chigawocho chinali ndi akuluakulu a chipani 8 amene anali ndi voti ku msonkhano waukulu chifukwa cha maudindo awo, ndipo 6 mwa iwo anali atanena kale kuti ali pambuyo pa mayi Clinton. Akuluakulu amenewa ndi amene amatchedwa ma superdelegate.

Mkwiyo umene unabuka pa nkhaniyi unali womveka, koma unaloza pamalo amodzi okha. Chiyambireni dongosololi mu 1984, ma superdelegate sanalandepo chipambano kwa munthu amene anatsogola pa nthumwi zosankhidwa ndi anthu. Mphamvu yeniyeni ya akuluakulu a chipani imagwira ntchito miyezi yambiri msonkhano usanafike, pa ndalama, pa malamulo a mpikisano, pa kalendala ya zisankho, ndi pa matelefoni ouza wopikisana wina kuti achoke mu mpikisano. Kuti zimenezi zimveke tiyambe ndi mmene nthumwi zimapezekera.

Mmene voti imasandukira nthumwi

Wovota pa chipulula ku America sasankha woimira chipani mwachindunji. Voti yake imathandiza kugawa nthumwi za chigawo chake, ndipo nthumwizo ndi zimene zimakasankha woimira chipani ku msonkhano waukulu umene umachitika mu Julayi kapena Ogasiti. Wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka la nthumwi zimene zikuvota.

Ku chipani cha Democratic nthumwi zimagawidwa molingana ndi mavoti, ndipo pali mzere wa 15 peresenti. Amene sanaufike sapeza kanthu. Gawo lalikulu la nthumwi limagawidwa dera ndi dera, potsatira madera a aphungu a nyumba ya malamulo, ndipo zotsalazo zimagawidwa potengera zotsatira za chigawo chonse. Tingoyerekeza dera la nthumwi 6 limene opikisana anayi apeza 44, 30, 14 ndi 12 peresenti. Awiri otsirizawo agwa chifukwa sanafike pa 15. Mavoti awo amachotsedwa pa chiwerengero, ndipo otsalawo amawerengedwanso pa 74 m'malo mwa 100. Woyamba amakhala ndi pafupifupi 59 peresenti, wachiwiri 41, ndipo nthumwi zimagawidwa 4 kwa 2. Anthu 26 pa 100 aliwonse m'deralo alibe amene akuwaimira ku msonkhano.

Nthumwi zimenezi ndi zolonjeza, kutanthauza kuti zinapita m'dzina la wopikisana wakutiwakuti, ndipo wopikisanayo ali ndi ufulu wokana dzina la munthu amene sakumukhulupirira pa mndandanda wake. Komabe lamulo la chipani silizimanga ndi chingwe. Limangoti zivote moonetsa maganizo a amene anazituma, motsatira chikumbumtima chawo. Mawu ofewa amenewa anadzakhala ofunika kwambiri mu 2024.

Pamwamba pa nthumwi zolonjezazi pali ma superdelegate. Ndi mamembala onse a komiti yaikulu ya chipani, DNC, aphungu onse a chipanichi m'nyumba ziwiri za malamulo za dzikolo, Senate ndi House of Representatives, abwanamkubwa a zigawo amene ndi a chipanichi, komanso kagulu kochepa ka atsogoleri akale monga mapulezidenti opuma, achiwiri awo, ndi apampando akale a DNC. Mu 2016 anali oposa 700 pang'ono, pamene nthumwi zolonjeza zinali 4,051. Ndiye kuti voti imodzi pa zisanu ndi ziwiri zilizonse inali m'manja mwawo.

Kunena kuti anthuwa sanasankhidwe kumafuna kusamala. Phungu kapena bwanamkubwa anavoteredwa ndi anthu masauzande kapena mamiliyoni, kungoti sanavoteredwe kuti akasankhe pulezidenti. A Sanders eniake anali superdelegate mu 2016 chifukwa cha mpando wawo mu Senate. Koma oposa theka la ma superdelegate ndi mamembala a DNC, anthu pafupifupi 450 amene wovota wamba sangawazindikire atakumana nawo pa msewu. Muli apampando a chipani m'zigawo ndi achiwiri awo, ena osankhidwa m'misonkhano ya chipani imene amapitako ndi anthu okangalika okha, ndi ena amene maina awo amaperekedwa ndi wapampando wa DNC. Ena mwa iwo ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi yolankhulira makampani kwa aphungu, kapena yolangiza makampeni polipidwa. Pamene anthu amadandaula za anthu a m'kati, gulu limeneli ndi limene dandaulo likulikhudza kwenikweni.

Kumene zinachokera

Mpaka 1968 akuluakulu a chipani sankafunika kubisala kuseri kwa dzina lililonse, chifukwa msonkhano unali wawo. Zisankho zachipulula zinkachitika m'zigawo zochepa, ndipo zambiri zinkangoonetsa kutchuka kwa munthu. Mu 1952 a Estes Kefauver anapambana zipulula zambiri, koma msonkhano unasankha a Adlai Stevenson pa ndime yachitatu ya kuvota. Aka kanali komaliza kuti msonkhano wa a Democrat udutse ndime yoyamba.

Chaka cha 1968 chinaswa dongosolo limeneli. Pulezidenti Lyndon Johnson analengeza pa 31 Malichi kuti saimanso. Anthu odana ndi nkhondo ya ku Vietnam anavotera a Eugene McCarthy ndi a Robert Kennedy, ndipo a Kennedy anaphedwa mu Juni atangopambana ku California. Ku msonkhano wa ku Chicago, apolisi akumenya ochita zionetsero kunja, nthumwi zinasankha wachiwiri kwa pulezidenti, a Hubert Humphrey, amene sanapikisane pa chipulula ngakhale chimodzi. Anagonja kwa a Richard Nixon. Chipani chinakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi a George McGovern, kenako a Donald Fraser, imene inalamula kuti nthumwi zizisankhidwa poyera, m'chaka chachisankho chomwecho, ndipo membala aliyense akhale ndi mwayi wotenga mbali. Zigawo zambiri zinaona kuti njira yapafupi yokwaniritsira lamuloli ndi kuchititsa chipulula, ndipo a Republican nawonso anakokedwa chifukwa malamulo a zigawo ankakhudza zipani zonse.

Zotsatira zake zinawawa akuluakuluwo. Mu 1972 a McGovern omwewo anatenga mpando wa woimira chipani, n'kukagonja m'zigawo 49 mwa 50. Mu 1976 a Jimmy Carter, bwanamkubwa wakale wa Georgia amene ku Washington ankaonedwa ngati mlendo, anapambana, koma sanagwirizane bwino ndi aphungu a chipani chawo chomwe. Mu 1980 a Ted Kennedy analimbana nawo mpaka ku msonkhano, ndipo a Ronald Reagan anatenga zigawo 44. Aphungu ambiri anali atasiya ngakhale kupita ku msonkhano waukulu, chifukwa kuti ukhale nthumwi unkayenera kupikisana ndi anthu a m'dera lako lomwe pa mndandanda wa wopikisana mmodzi.

Komiti ya bwanamkubwa wa North Carolina, a James Hunt, ndi imene inabweretsa ma superdelegate mu 1982. Zifukwa zake zinali zitatu. Anthu amene adzagwire ntchito ndi pulezidenti akhale ndi mawu pomusankha. Pakhale anthu otha kumanga mgwirizano ngati ovota agawikana. Ndipo pakhale chotchinga ngati wotsogola wapezeka ndi mbiri yoipa zipulula zitatha kale. Pa msonkhano wa 1984 anali pafupifupi 14 peresenti ya nthumwi zonse, ndipo chiwerengerocho chinakwera mpaka pafupifupi 20 peresenti mu 2008 pamene magulu ena anawonjezedwa.

Zaka zitatu zimene anaoneka

Mu 1984 a Walter Mondale anali patsogolo pa a Gary Hart ndi a Jesse Jackson, koma zipulula zomaliza zitatha pa 5 Juni, anali asanafike pa nthumwi 1,967 zofunika. Mmawa wotsatira anagwira telefoni, kuimbira ma superdelegate amene anali asanasankhe mbali mmodzimmodzi, ndipo pofika masana anali atadutsa mzerewo. Akuluakulu sanasinthe wopambana, anangotseka mpikisano msanga. Koma ambiri a iwo, makamaka aphungu a mu House, anali atanyamula kale a Mondale chipulula choyamba chisanachitike. Pa chisankho cha dziko lonse a Mondale anagonja m'zigawo 49, zimene zikuonetsa kuti akuluakulu a chipani nawonso satha kulosera maganizo a dziko kuposa ovota.

Mu 2008 mayi Clinton anayamba ali patsogolo kwambiri pa ma superdelegate. A Barack Obama atatsogola kwambiri pa nthumwi zolonjeza mu Febuluwale, akuluakulu anayamba kusamuka. Chitsanzo chodziwika ndi a John Lewis, phungu wa ku Georgia komanso msilikali wakale wa ufulu wa anthu akuda, amene anachoka kwa mayi Clinton ataona mmene dera lawo linavotera. Pofika mu Meyi a Obama anali atapitirira mayi Clinton ngakhale pa ma superdelegate, ndipo pa 3 Juni anafika pa 2,118. Phungu amene adzafunenso mavoti a anthu omwewo sangapite kutali ndi zofuna zawo. Membala wa DNC alibe mantha amenewo, koma nayenso amaopa kuswa chipani miyezi itatu chisankho chisanachitike.

Chaka cha 2016 n'chimene chimafunika kuchiyang'ana mwachifatse, chifukwa mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zoona. Mayi Clinton anapambana pa nthumwi zolonjeza, 2,205 kwa 1,846, ndiponso anaposa a Sanders ndi mavoti a anthu oposa 3 miliyoni. Ma superdelegate akanachotsedwa onse, wopambana akanakhala yemweyo. Akanagawidwa molingana ndi mavoti a zigawo zawo, wopambana akanakhalabe yemweyo.

Koma taonani masamu ake. Kuti munthu apambane ankafunika nthumwi pafupifupi 2,383, chifukwa ma superdelegate ankawerengedwa pa chiwerengero chonse. Kuti afike pamenepo ndi nthumwi zolonjeza zokha, ankayenera kutenga pafupifupi 59 peresenti ya 4,051. Pa dongosolo logawa molingana ndi mavoti, pamene pali opikisana awiri amphamvu, zimenezi n'zovuta kwambiri. Mayi Clinton anali ndi 54 peresenti, ndipo ankasowa mavoti pafupifupi 180 ochokera kwa akuluakulu. A Obama mu 2008 analinso chimodzimodzi. Kukhalapo kokha kwa ma superdelegate kunkakweza mzere, n'kuchititsa kuti mpikisano uliwonse wothina uthere m'manja mwawo.

Chachiwiri ndi chimene wovota ankaona. Mu Novembala 2015, miyezi iwiri ndi theka voti yoyamba isanaponyedwe ku Iowa, bungwe la atolankhani la Associated Press linafunsa ma superdelegate ndipo linapeza kuti 359 anali kwa mayi Clinton, 8 okha kwa a Sanders. Nyumba zambiri zofalitsa nkhani zinkaphatikiza manambala amenewa ndi a nthumwi zolonjeza pa tebulo limodzi. Zinali ngati masewero a mpira amene bolodi likuonetsa kale zigoli wosewera asanakhudze mpira. Munthu woganiza zopereka madola 30 ku kampeni, wongodzipereka woganiza zokagogoda pa makomo Loweruka, kapena wovota woganiza zoima pa mzere, onse amayang'ana ngati munthu wawo ali ndi mwayi. Pa 6 Juni 2016, usiku woti mawa lake California ndi zigawo zina zivota, bungwe lomwelo linalengeza kuti mayi Clinton afika pa nambala yofunika, potengera mafoni amene linaimbira ma superdelegate. Linawerenga molondola, koma anthu mamiliyoni anauzidwa kuti mpikisano watha asanavote. Kuwononga kwa dongosololi kunali pamenepa, pa chikhulupiriro cha ovota, ndipo kunali kwenikweni ngakhale sikungayezedwe ndi nambala.

Tisaiwale kuti kumapeto kwa mpikisanowo kampeni ya a Sanders inapempha ma superdelegate kuti asamukire kwa iwo ngakhale anali kumbuyo pa mavoti, ponena kuti ndi amene akanagonjetsa a Donald Trump. Aliyense amene ali kumbuyo amawaona akuluakuluwa ngati khomo lotsiriza.

Kusintha kwa 2018 ndi dzenje limene linatsala

Pa 25 Ogasiti 2018, DNC motsogozedwa ndi a Tom Perez inavomereza ku Chicago kuti ma superdelegate asavotenso pa ndime yoyamba, pokhapokha ngati wina wapeza kale nthumwi zolonjeza zokwanira moti mavoti awo sangasinthe kanthu. Ngati palibe wopeza oposa theka pa ndime yoyamba, amalowa pa yachiwiri. Ena anatsutsa kwambiri, makamaka atsogoleri a aphungu akuda, amene anati anthu awo anamenyera zaka zambiri kuti akhale pa tebulo la zisankho, ndipo tsopano atangofikapo mphamvu ya tebulolo ikuchotsedwa. Mfundo imeneyi si yopeputsa.

Mu 2020 nthumwi zolonjeza zinali 3,979, ndipo wopambana pa ndime yoyamba ankafunika 1,991. Pakanakhala ndime yachiwiri, akuluakulu pafupifupi 770 akanalowa, ndipo mzere ukanakwera kufika pafupifupi 2,376. Lamuloli linachotsa vuto la tebulo la manambala, koma linasiya funso lovuta kuposa loyamba. Tiyerekeze kuti opikisana atatu afika ku msonkhano ndi 40, 35 ndi 25 peresenti. Kodi wa 40 ndi amene anthu asankha, kapena anthu 60 pa 100 amukana? Pa mtsutso wa ku Las Vegas pa 19 Febuluwale 2020, opikisana anafunsidwa ngati wotsogola pa nthumwi ayenera kungopatsidwa mpandowo ngakhale sanafike theka. A Sanders okha ndi amene anavomera. Ena onse anati malamulo a msonkhano atsatidwe. Zikanafika pamenepo, mavoti 770 akanagwera pa mpikisano wogawikana, pamaso pa makamera, ndipo wogonja aliyense akananena kuti waberedwa. Dongosolo lakale linkapatsa akuluakulu kamphamvu kochepa nthawi zonse. Latsopanoli limawamana mphamvu pa zaka zabwinobwino, n'kuwapatsa yochuluka pa chaka chimene chipani chagawikana kwambiri.

Mphamvu imene lamulo silinakhudze

Ndime yachiwiri sinachitike mu 2020, ndipo chifukwa chake chikuonetsa kumene mphamvu ya akuluakulu ili. A Joe Biden anakhala achinayi ku Iowa, achisanu ku New Hampshire, achiwiri ku Nevada. Pa 26 Febuluwale a Jim Clyburn, phungu wolemekezeka kwambiri pakati pa ovota akuda ku South Carolina, analengeza kuti ali pambuyo pawo. Pa 29 Febuluwale a Biden anapambana m'chigawocho ndi mavoti ambiri. Pa 1 Malichi a Pete Buttigieg anachoka mu mpikisano, pa 2 Malichi mayi Amy Klobuchar anachokanso, ndipo tsiku lomwelo onse awiri anakaima ndi a Biden ku Dallas. Pa 3 Malichi zigawo 14 zinavota ndipo a Biden anatenga 10. Palibe superdelegate amene anaponya voti, ndipo anthu ndi amene anavota, koma m'masiku osakwana sabata akuluakulu anali atasintha mndandanda wa maina oti anthuwo asankhepo. Kumbukirani mzere wa 15 peresenti uja. Anthu atatu a maganizo ofanana akagawana mavoti, ena amagwa pansi pa mzere ndipo nthumwi zawo zimapita kwa ena. Akatsala mmodzi, mavoti omwewo amabala nthumwi zambiri.

Akatswiri a ndale amati pali chipulula china chosaoneka, chimene chimachitika chaka chathunthu voti yoyamba isanaponyedwe. Wofuna kuima amafufuza abwanamkubwa ndi aphungu omuvomereza, anthu osonkhanitsa ndalama, mabungwe a ogwira ntchito, ndi akatswiri a kampeni, amene odziwa ntchito ndi ochepa. Amene wapeza zimenezi msanga amatsekereza anzake. Ambiri amene akanapikisana salengeza n'komwe, ndipo wovota sadziwa kuti anamanidwa mwayi wosankha. Mu 2015 a Biden, ali wachiwiri kwa pulezidenti, anaganizira zoima mpaka mu Okutobala. Imfa ya mwana wawo inali chifukwa chachikulu chosaimira, komanso pa nthawiyo gawo lalikulu la chipani linali litapita kale kwa mayi Clinton.

Palinso mitsutso ya pa wailesi yakanema. DNC ndi imene imanena kuti ikhale ingati, liti, ndipo ndani alowe. Pa mpikisano wa 2016 poyamba inakonza mitsutso 6 yokha, ina pa mapeto a sabata, kuphatikizapo wa Loweruka pa 19 Disembala 2015, ndipo inaopseza kuti wopita ku mtsutso wosavomerezedwa sadzaloledwa ku yake. Mitsutso yochepa imakomera munthu wotchuka kale. Pa mpikisano wa 2020, kuti ulowe mitsutso yoyamba unkafunika opereka ndalama 65,000 kapena 1 peresenti pa kafukufuku wa maganizo a anthu katatu, ndipo mizereyi inkakwezedwa mwezi ndi mwezi. Kumapeto kwa Januwale 2020 lamulo la opereka ndalama linachotsedwa, zimene zinatsegulira khomo a Michael Bloomberg, mpondamatiki amene ankalipira yekha kampeni yawo, pamene ena anali atagwa kale chifukwa cha malamulo omwewo.

Ndalama nazonso zili m'kati. Mu 2015 kampeni ya mayi Clinton inasainirana ndi DNC, imene inali m'ngongole, pangano losonkhanitsira ndalama limodzi, lopatsa kampeniyo mawu pa kulemba ntchito anthu ena ndi pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama. Mayi Donna Brazile, amene anatsogolera DNC mongogwirizira, anaulula zimenezi mu Novembala 2017. Mu 2016, makalata a pa intaneti a akuluakulu a DNC amene bungwe loulula zinsinsi la WikiLeaks linatulutsa mu Julayi anaonetsa ena akunyoza kampeni ya a Sanders, ndipo wapampando, mayi Debbie Wasserman Schultz, anatula pansi udindo msonkhano wa ku Philadelphia ukuyamba. Makalatawo sanaonetse kuti mavoti anasinthidwa. Anaonetsa kuti oyendetsa mpikisano anali ndi mbali.

Kalendala ndi chida china. Chigawo chovota koyamba chimapha ena ndi kudzutsa ena. Mu 2008 Florida ndi Michigan zitavota msanga mosemphana ndi lamulo, komiti ya malamulo ya DNC inazilanda nthumwi, kenako pa 31 Meyi inazibwezera aliyense ali ndi theka la voti, chigamulo chimene chinakhudza mwachindunji masamu a a Obama ndi mayi Clinton. Pa mpikisano wa 2024, pa pempho la a Biden, South Carolina, chigawo chimene chinawapulumutsa, chinaikidwa patsogolo pa Iowa ndi New Hampshire.

Wodandaula sangathamangire ku khoti mosavuta. Bwalo lalikulu la milandu ku America linagamula mu 1975 ndi mu 1981 kuti chipani chili ndi ufulu waukulu woika malamulo ake a nthumwi, ngakhale asemphane ndi malamulo a chigawo. Otsatira a Sanders ena atasumira DNC ku Florida, mlandu unathetsedwa mu Ogasiti 2017.

Mwezi wa Julayi 2024

Chaka chimenechi chinayesa mfundo yachitatu ya komiti ya a Hunt, yoti pakhale chotchinga ngati wotsogola walephera zipulula zitatha. A Biden anapambana zipulula popanda mdani wamphamvu. Panalibe mitsutso ya DNC, ndipo ku Florida chipani chinapereka dzina lawo lokha moti chipulula sichinachitike. Anapeza mavoti oposa 14 miliyoni ndi pafupifupi nthumwi zonse. Pa 27 Juni anachita mtsutso ndi a Trump umene unaonetsa dziko lonse kufooka kwawo. Palibe lamulo limene likanawachotsa mosavuta. Chimene chinachitika n'chakuti aphungu anayamba kuwapempha poyera kuti achoke, opereka ndalama akuluakulu anagwira matumba, ndipo atsogoleri monga mayi Nancy Pelosi anawakakamiza kuseri. Pa 21 Julayi anachoka, n'kuvomereza mayi Kamala Harris.

Nthumwi zawo zinamasuka. Wofuna kupikisana ankafunika kusainiridwa ndi nthumwi 300, zosaposa 50 kuchokera m'chigawo chimodzi. Abwanamkubwa amene ankatchulidwa ngati otha kupikisana, monga a Gavin Newsom, mayi Gretchen Whitmer ndi a Josh Shapiro, anavomereza mayi Harris m'masiku awiri oyamba. Palibe wina anafika pa 300, ndipo kumayambiriro kwa Ogasiti nthumwi zinavota pa intaneti, pafupifupi 99 peresenti kwa mayi Harris. Kwa nthawi yoyamba chichokereni 1968, chipanichi chinaimiridwa ndi munthu amene sanapambane chipulula m'dzina lake.

Pa nthawi yotsala ija kunalibe njira yochititsanso zipulula m'zigawo 50, ndipo pamenepa akuluakulu anachita ntchito imene palibe wina akanaichita. Cholakwa chawo chachikulu chinachitika mu 2023, pamene kafukufuku ankaonetsa mobwerezabwereza kuti ovota ambiri a chipanichi akuda nkhawa ndi msinkhu wa a Biden, koma iwo anatseka njira kwa aliyense wofuna kupikisana nawo. Anagwiritsa ntchito mphamvu yawo kuteteza mtsogoleri pa nthawi imene anthu akanatha kusankha, ndipo anamuchotsa nthawi yosankha itatha.

A Republican, ndi kwathu kuno

Chipani cha Republican chilinso ndi nthumwi za udindo, atatu m'chigawo chilichonse ndi m'madera ena a America amene si zigawo, 168 onse pamodzi, koma m'zigawo zambiri amakakamizidwa kuvota motsatira zotsatira za chigawocho. Zigawo zina zimapereka nthumwi zonse kwa wopambana. Mu 2016 a Trump anatenga nthumwi zonse 99 za Florida ndi mavoti osakwana theka. Akuluakulu ambiri a chipanicho sankawafuna, koma anagawikana pakati pa a Jeb Bush, a Marco Rubio, a John Kasich ndi ena, ndipo sanagwirizane msanga pa munthu mmodzi. Gulu lothandiza a Bush linasonkhanitsa madola oposa 100 miliyoni, koma iwo anachoka mu Febuluwale atagonja ku South Carolina. Akuluakulu amakhala ndi mphamvu akagwirizana pa munthu mmodzi nthawi ikadalipo, ngati mmene a Democrat anachitira mu Malichi 2020. Akagawikana, ndalama ndi maudindo awo sizigwira ntchito. Amene amaona a Trump ngati ngozi amati izi zikuonetsa ubwino wa ma superdelegate. Koma akanakhalapo n'kulanda mpandowo kwa munthu amene anapeza mavoti oposa 13 miliyoni pa zipulula, n'zokayikitsa kuti chipanicho chikanafika pa chisankho cha Novembala chili chimodzi.

Ku Malawi zipani zimachita chipulula posankha oimira pa uphungu ndi ukhansala, koma woimira pa upulezidenti amasankhidwa ku konveshoni, kumene nthumwi zake ndi anthu a maudindo m'makomiti a chipani, a m'maboma, a m'zigawo, ndi a komiti yaikulu. Tingati nthumwi iliyonse kumeneko ili ngati superdelegate, monga zinalili ku America 1968 isanafike. Konveshoni yotere imatha kubweretsa munthu watsopano, ngati mmene MCP inasankhira a Lazarus Chakwera mu Ogasiti 2013. Koma nkhondo yake imamenyedwa pa mafunso omwe aja, akuti ndani walemba mndandanda wa nthumwi, ndani wasintha makomiti a m'maboma konveshoni ili pafupi, ndani waika tsiku ndi ndalama yolembetsera, ndiponso ndani akulipira mayendedwe ndi malo ogona a nthumwi.